Wobwera Chimanjamanja



Mwezi wa Disembala wafikanso, ndipo kuno ku Angónia palibe amene afunika kuuzidwa. Mvula yakhazikika, phiri la Domue lafunda mitambo, chimanga cha amene anadzala ndi mvula yoyamba chafika m'mawondo, ndipo udzu ukupikisana nacho usiku ndi usana. Ana atsekera sukulu, choncho alibe pothawira: mbandakucha banja lonse lili kumunda ndi makasu. Madzulo timabwerera ndi nkhwani ndi bowa, ana nathamangira inswa pamene nyali yayatsidwa. Pakhomo paliponse pali tambala amene wakhala akudya bwino kuposa anzake, osadziwa chifukwa chake.

Masiku ano makasu ali kumunda, koma makutu a amayi ali kumsewu. Chapa ikangoima, ntchito imaimanso, aliyense nasuzumira kuti aone amene watsika. Ana athu akubwera kuchokera ku Tete, ku Moatize, ku Beira, ku Maputo, ena kutali ku Johannesburg. Tsiku la 25 Disembala pa kalendala ya boma limalembedwa kuti Dia da Família, ndiko kuti Tsiku la Banja, dzina limene linaikidwa dziko lathu litalandira ufulu mu 1975. Ife Akhristu timakumbukira kubadwa kwa Mpulumutsi pa tsikuli, koma dzina la bomalo silititsutsa, pakuti Mwana wa Mulungu anabadwira m'banja. Funso limene latisowetsa mtendere chaka chino ndi lakuti: mwana akatsika chapa, maso athu amayamba kuona chiyani?

Tiyeni tinene zoona pamaso pa Mulungu. Maso athu amathamangira m'manja. Tisanaone ngati mwanayo wawonda kapena wanenepa, tisanafunse za ulendo, tawerenga kale katundu: thumba la mpunga la makilogalamu 25, chigubu cha mafuta ophikira, shuga, kapulana ya amayi, nsapato za ana. Anansi nawonso amawerenga ali pamakhonde pawo, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse wadziwa mwana amene wabwera wolemera ndi amene wabwera ndi kachikwama kamodzi. Kupatsa makolo ndi chinthu chabwino ndi choyenera, ndipo mwana amene Mulungu wamudalitsa asaumire. Koma mwambo wowerenga katunduwu uli ndi mtengo wake, ndipo ife tinaudziwa m'banja lathu lomwe.

Mlongo wathu ali ndi mwana wamwamuna amene anapita ku Tete kukagwira ntchito ya zomangamanga. Zaka ziwiri zoyamba anabwera pa Khrisimasi atasenza, mayi wake nayenda m'mudzi monyadira. Chaka chachitatu anaimba foni nati ntchito yachuluka. Chaka chachinayi anati abwana akana kumupatsa tchuthi. Chaka chachisanu foni yake inayamba kumangozimitsidwa. Chaka chilichonse mlongo wathuyo amasunga tambala kufikira tsiku la Chaka Chatsopano, ndipo pamene aliyense amadya mpunga ndi kumwa thobwa, iye amakhala cha kukhomo, nkhope italoza kumsewu. Ife monga malume ake tinaweruza mlandu msanga. Tinati mwanayo watengeka ndi za m'tauni, waiwala bere limene linamuyamwitsa.

Tsiku lina kumayambiriro kwa Disembala tinatsikira ku Tete pa zifukwa zina, ndipo tinatsimikiza mtima kuti sitibwerera tisanamuone. Titafunsafunsa tinamupeza pa msika wina, akusenza matumba a anthu m'dzuwa loswa mtengo la m'mphepete mwa Zambezi. Ntchito inali itatha kalekale pamene nyumba imene amamanga inamalizidwa. Amagona m'kachipinda ka lendi pamodzi ndi anzake atatu, ndipo zimene amapeza pa tsiku zimangokwanira chakudya. Sanali chidakwa, sanali wakuba, sanakwatire mobisa monga tinaganizira. Tinakhala naye pansi pa mthunzi, ndipo tinamufunsa chifukwa chimene anazunzira mayi wake chotero.

Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, “Malume, ndikafika bwanji kumudzi manja ali lendelende? Kodi mwaiwala zimene munanena za mwana wa kuseri kwa dambo uja? Munati wakhala ku Joni zaka zisanu, wabwera ndi chipewa chokha. Tonse tinaseka, inenso ndinaseka. Tsiku limene ntchito inatha ndinakumbukira kuseka kuja, ndipo ndinalumbira kuti ine sadzandiseka.”

Mawu amenewo tinali titawaiwala. Tinawanena mocheza tili pa mphasa, nsima ili m'manja, osadziwa kuti mnyamata amene anakhala pambali pathu akuwasunga mumtima. Tinapita ku Tete kukadzudzula, koma wodzudzulidwa tinali ife. Amene anatseka njira ya mwanayo kwa zaka zitatu sanali abwana ake, koma lilime la malume ake.

Tinamulipirira chapa. Ulendo wochokera ku Tete kufika ku Ulongwe ndi wa makilomita oposa 200, ndipo kufikira pa mphambano ya Mussacama amayankhulako pang'ono, koma titakhota kuyamba kukwera mapiri a kwathu anangoti duu, atafumbata kathumba ka pulasitiki momwe munali malaya awiri. Tinapeza mayi wake akupalira. Anaponya khasu, naimba nthungululu imene inamveka kutsidya kwa dambo, namugwira mwanayo kumaso ndi manja amatope. Mawu ake oyamba anali akuti, “Mwana wanga, wawonda.” Kathumba kaja sanakayang'ane n'komwe. Tambala anaphedwa tsiku lomwelo, Khrisimasi isanafike.

Sitikunena kuti zonse zinakoma pomwepo. Analipo ena amene ananong'onezana monga mwa chizolowezi, ndipo mnyamatayo anawamva. Anakhala kumudzi kufikira atatha kubandira munda wa mayi wake, nabwerera ku Tete, kumene kufikira lero ntchito imapezeka mwa apo ndi apo. Chimene chinasintha ndi chakuti tsopano akaimba foni amanena zoona, ndipo Disembala aliyense amabwera, kaya ndi thumba la mpunga kaya ndi sopo mmodzi.

Abale ndi alongo, Betelehemu amene timamuimbira m'nyengo ino amadziwa bwino za obwera chimanjamanja. Buku la Rute, mutu woyamba, limatiuza za Naomi amene anachoka m'mudziwo nthawi ya njala pamodzi ndi mwamuna wake ndi ana aamuna awiri, nakakhala ku Moabu ngati zaka khumi. Anabwerera amuna atatu onsewo atamwalira, wopanda chuma, ali ndi mpongozi wachilendo yekha. Mudzi wonse unatekeseka pomuona, ndipo iye mwini anapempha kuti asinthidwe dzina chifukwa cha kuwawa kwa moyo wake. Komabe anabwera. Akanachita manyazi nakhala ku Moabu, Rute sakanakunkha barele m'munda wa Boazi, ndipo sitikanawerenga za Obedi, Jese ndi Davide. Pa Mateyu 1:5 dzina la Rute lili m'ndandanda wa makolo a Yesu Khristu. Mulungu anadutsitsa mzere wa Mpulumutsi mwa akazi awiri amasiye amene analowa m'mudzi opanda chonyamula.

Banja la Ambuye wathu nalonso silinali la katundu wambiri. Pa Luka 2:24 timawerenga kuti Yosefe ndi Mariya anakapereka ku Kachisi nsembe ya mbalame ziwiri. Tikayang'ana pa Levitiko 12:8 tipeza kuti imeneyo inali nsembe yololedwa kwa mayi amene sakanakwanitsa mwana wa nkhosa. Anzeru a kum'mawa anabwera ndi golide, lubani ndi mure, ndipo analandiridwa. Abusa a nkhosa anachokera kubusa usiku, Malemba satchula mphatso iliyonse m'manja mwawo, ndipo iwonso analandiridwa, ndiponso ndiwo anayamba kufika. Ngati pa khomo limene panagona Mwana wa Mulungu sipanawerengedwe katundu, ife tatenga kuti mwambo wowerenga pa makomo athu?

Ndiponso ife a m'chigawo cha Tete tiyenera kukhala omaliza kuseka munthu wobwera wopanda kanthu. Achikulire pakati pathu akukumbukira zaka za nkhondo, pamene midzi yathunthu inathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo Malawi anasunga anthu a dziko lathu pafupifupi miliyoni imodzi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tinayamba kubwerera. Kodi tinanyamula chiyani? Mphika, bulangeti, khasu ndi mwana kumsana. Tinapeza nyumba zitagwa, minda itasanduka tchire, ng'ombe zitatha. Palibe amene anafunsa mnzake kuti wabwera ndi chiyani. Funso linali limodzi: kodi uli moyo, nanga uje ali kuti? Khrisimasi zoyamba zija tinadya nsima ndi ndiwo zamasamba, tikupemphera pansi pa mitengo ndi m'matchalitchi opanda denga, koma kuyimba kwake ambiri a ife sitinakumvenso. Malata ndi njinga zamoto zimene Mulungu watipatsa pambuyo pake zisatiiwalitse mmene tinalowera m'midzi ino.

Pali choopsa china chimene sitichiona. Ana ambiri amene amatsika chapa atasenza amakhala atakongola. Wina watenga katapila, wina wadyeratu malipiro a Januwale, wina wagulitsa foni, kuti angoona makolo akumwetulira ndi kutseka pakamwa pa anansi. Mpunga uja umatha m'masiku ochepa, koma ngongole imamutsata mwanayo kufikira Marichi kapena Epulo. Pamenepo ndi pamene adzukulu akufuna yunifolomu ndi makope, chimanga chikufuna feteleza wachiwiri, ndipo nkhokwe zambiri zayamba kuonetsa pansi. Tikadzamuimbira foni m'Febuluwale kuti ufa watha, adzatiyankha chiyani? Thandizo limene likanatipulumutsa m'mwezi wa njala talidyeratu tsiku limodzi, ndipo tamusiya mwana wathu m'manja mwa wokongoza.

Nanga tichite chiyani masiku otsalawa? Inu makolo, musadikire kuti mwana ayambe ndiye kuimba. Muimbireni sabata ino, ndipo mawu awa muwanene momveka, pakuti iye sangawalote: bwera monga uliri, chimene tikufuna ndi iweyo. Ngati chovuta ndi ndalama yokwerera, abale asonkherane. Nkhuku ziwiri zogulitsidwa kuti mwana afike zagwira ntchito yoposa nkhuku ziwiri za mumphika. Akafika, mufunseni za thanzi lake ndi za moyo wake wauzimu musanamasule chikwama, ndipo chimene wabweretsa chisalengezedwe kuchitsime.

Inu amalume, azakhali ndi anansi, tisamale nthabwala zathu. Pa mphasa pamene tikuseka mwana wa mnzathu pali ana athu amene akumvetsera, ndipo tsiku lina adzadziyeza ndi muyeso womwewo. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene wabwera wopanda kanthu kuseri kwa nyumba yanu, kamupatseni moni inu poyamba, ndipo mumuitane adzamwe thobwa.

Inu ana athu amene kalata iyi idzakupezani kutali, kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ngati muli nacho, bweretsani mokondwera ndi mwa muyeso wanu, osakongola. Ngati mulibe, bweretsani manja anuwo, pakuti Disembala ndi mwezi wa khasu, ndipo mizere imene mudzapalira idzadyetsa makolo anu kuposa botolo la zakumwa. Ngati simungathe konse kubwera, nenani zoona. Mayi amapirira uthenga wakuti ntchito yatha, koma foni yozimitsidwa imamudya usiku uliwonse. Makolo sakhala mpaka kalekale, ndipo taona ana amene anadikira kuti alemere kaye, nadzafika ndi galimoto tsiku la maliro.

Akulu a mpingo ndi amayi a Chigwirizano, pa mapemphero a Khrisimasi tili ndi chizolowezi choimiritsa alendo ndi ana obwera kutchuthi kuti mpingo uwaone. Tiwalandire onse ndi m'manja mofanana, wa suti ndi wa malaya ong'ambika. Tikumbukirenso makomo amene chapa siidzaima konse: amasiye, okalamba amene ana awo anatsogola, ndi ana olera anzawo. Mlaga uliwonse ukudziwa makomo amenewa. Mbale imodzi ya mpunga ndi munthu wokhala nawo pansi kwa ola limodzi zidzawauza kuti Tsiku la Banja ndi lawonso.

Pomaliza, tonsefe tikumbukire mmene timafikira kwa Atate wathu wakumwamba. Palibe mmodzi wa ife amene anabwera kwa Iye atasenza zomuyenereza. Tinabwera ndi ngongole, ndipo Iye anatuma Mwana wake kudzailipira. Amene walandiridwa chotero sayenera kuima pakhomo ndi kuwerenga matumba a mbale wake.

Mlongo wathu wasunganso tambala chaka chino. Dzulo tinamupeza akukolopa kachipinda ka mwana wake, ndipo titamufunsa chimene mnyamatayo adzabweretse, anatiyang'ana modabwa nati, “Achimwene, sindinamufunse.”

Ambuye asunge onse amene ali pa ulendo m'misewu yoterera ya dzinja lino, adalitse minda yanu, ndipo akupatseni Khrisimasi yamtendere ndi Chaka Chatsopano chopambana.