Kodi Mzinda Sunamangidwe Kale?

Lamulungu lina, Misa yaciwiri itatha, mai ena a mu Mphakati wathu anatiimika pakhomo la chalichi nkhope ili yakugwa. "Aphunzitsi," anatero, "mwana wanga wamkazi uja wandizunguza mutu. Tinagulitsa nkhumba ndi ng'ombe yomwe kuti atsirize ku yunivesite ku Kitwe. Watsiriza, nchito waipeza ku khonsolo, ife ndi kuyamba kupumako. Tsopano akuti afuna kubwerera ku sukulu zaka zina ziwiri, akatenge digiri yaciwiri ya kakonzedwe ka mizinda. Nanga ang'ono ake adzawalipirira ndani? Adzakwatiwa liti? Ndipo akakonza ciani, kodi mzinda sunamangidwe kale?"

Sitinawayankhe tsiku lomwelo, pakuti mafunso awiri oyambawo ndi a m'banja, ndipo mlendo sawathamangira. Koma funso lacitatu latikhala pamtima mwezi wonse, ndipo tiganiza kuti likhudza ife tonse, Akristu anzathu, ngakhale amene tilibe mwana ku yunivesite.

Inde, Lusaka anamangidwa kale, koma tifunse kuti anamangira yani. Boma la atsamunda linaitana Profesa Stanley Adshead wa ku London kuti ajambule pulani ya likulu latsopano, ndipo mu 1935 likulu linasamuka kucoka ku Livingstone. Pulaniyo inali ya mzinda wa mitengo ndi maluwa, wa miseu yotakata ndi mabwalo akulu pa nyumba iliyonse. Anthu akuda anawerengedwa ngati anchito odzangodutsa, oti akakalamba adzabwerera kumudzi, motero malo amene anawasiyira anali ocepa zedi. Anthu anabwerabe, nayamba kumanga pa mafamu ndi pa malo a makampani. Ndico cifukwa cake makomboni ena ali ndi maina acizungu mpaka lero, monga George, John Laing ndi John Howard. Ufulu utabwera mu 1964 ndipo ziletso za kayendedwe zitatha, khamu la anthu linalowa mu mzinda umene sunawayembekeze.

Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'boma la Lusaka muli anthu oposa 2 miliyoni, ndipo ambiri a iwo akhala m'malo amene nyumba zinayamba kumangidwa mseu, mpopi ndi ngalande zisanaganiziridwe. Amene anakhalapo ku Kanyama kapena ku Misisi nthawi ya dzinja safunika kuuzidwa zambiri. Pansi pa mzindawu pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi apansi ali pafupi kwambiri. Mvula ikagwa, za m'cimbudzi cokumba zimadutsa m'ming'alumo ndi kukafika m'citsime ca pa nyumba yoyandikana. Kolera imene inabuka mu October 2017 inayambira ku Chipata Compound, nifalikira ku Kanyama. Ya 2023 ndi 2024 inaposa pamenepo: anthu oposa 20,000 anadwala m'dziko lonse, oposa 700 anamwalira, bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala, ndipo ana anacedwa kutsegulira sukulu mpaka February. Ena a ife tinatsogolera mapemphero pa maliro amene abale sanaloledwe ngakhale kusambitsa mtembo.

Pa maliro otere timayamika adokotala ndi anamwino, ndipo nkoyenera. Sitikumbuka kawirikawiri munthu amene akadalembera kale pa mapu kuti apa ndi dambo, pasamangidwe nyumba. Apa mpodutsa ngalande. Apa tisungire sukulu, msika ndi manda. Nchito yake ikayenda bwino palibe amene amaiona, pakuti mwana amene sanadwale sachulidwa pa wailesi. Iyi ndiyo nchito imene mwana wa mai aja afuna kuizama.

Mwina wina adzati digiri yoyamba ya ku Copperbelt University ikwanira, ndipo pa nchito zambiri za mu ofesi ikwaniradi. Koma kwa zaka zambiri okonza mizinda a kuno anaphunzitsidwa ndi mabuku olembedwera mizinda ya ku Britain, ndipo lamulo limene anagwiritsa nchito, Town and Country Planning Act, linali la 1962, ufulu usanabwere. Wophunzira wotere akaona komboni, cimene maphunziro ake anali kumuuza ndi kugwetsa. Mu 2013 University of Zambia inayamba digiri yaciwiri ya Spatial Planning, yokonzedwa mogwirizana ndi masukulu ena a mu Africa, kuti ophunzira adziwe mizinda yathu monga momwe iliri, ndi kugwira nchito pamodzi ndi eni ake a m'komboni. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsanso lamulo latsopano, Urban and Regional Planning Act. Lamuloli lifuna kuti khonsolo iliyonse ikhale ndi pulani ya citukuko ya dera lake lonse, kuti anthu afunsidwe maganizo pulaniyo isanavomerezedwe, ndiponso kuti makhonsolo azipangana ndi mafumu pa za malo a mwambo. Mfundo yotsirizayi si yaing'ono kwa anzathu a ku Chongwe kumene Lusaka ali kufutukukira, kapena a ku Chipata, umene unalandira ulemu wa mzinda mu 2017 ndipo nyumba zili kukwera m'mapiri. Lamulo lilipo, koma lamulo siliyenda lokha ndi tepi yopimira. Lifuna anthu olidziwa, odziwanso kukhala pansi ndi anyakwawa.

Akulu a ku Chawama ndi George akumbuka kuti zotere zinacitikapo. Lamulo la 1974 litavomereza makomboni ena ndi kupatsa anthu cilolezo cokhala pa malo ao zaka 30, boma linatenga ngongole ku World Bank kuti likonze makomboniwo. Pofuna kudziwa modutsa mseu, akatswiri anayenda pansi pamodzi ndi atsogoleri a m'deralo, nyumba ndi nyumba, mpaka kumvana. Amene nyumba zao zinagwa m'mseu anapatsidwa malo ena pafupi. Timakumbukira Nehemiya, amene asanauze munthu aliyense za kumanganso Yerusalemu anayamba wazungulira usiku kuyang'ana malinga ogumuka, pambuyo pake nagawira mabanja cigawo cigawo. Naonso malemu Apapa Francis, m'kalata yao ya 2015 yochedwa Laudato Si', anaphunzitsa kuti okonza mizinda asamale za moyo wa anthu koposa kukongola kwa zomanga, ndi kumvera maganizo a okhala pamalopo.

Sitifuna kunamiza makolo kuti njira iyi ndi ya cuma. Malipiro a ku khonsolo ndi ocepa, ndipo digiri yaciwiri sisintha zimenezo msanga. Pali ciyeso cina coopsa kuposa umphawi. Puloti mu mzinda ndi ndalama, ndipo siginecha ya wokonza mzinda ndiyo imasandutsa bwalo losewerera ana kukhala mapuloti khumi. Adzabwera kwa iye anthu a envulopu, adzabweranso ena a maina akulu amene sapereka kanthu koma amangoimba foni. Ndipo tisaloze cala kutali: ife tomwe, tikamva kuti mwana wa Mkristu mnzathu ali ku ofesi ya mapuloti, ndife oyamba kumpeza kuseri kwa chalichi ndi kapempho kathu. Mwana amene alowa nchito iyi popanda cikumbumtima colimba, maphunziro apamwamba adzangomuphunzitsa kubisa bwino.

Tsono tinapita kwa mai aja Lacitatu madzulo, mwanayo alipo, pamodzi ndi amalume ake. Tinamufunsa zitatu: ngati wafufuza za thandizo la fizi kapena cilolezo ca kunchito coti aphunzire malipiro ali kulowabe, ngati walonjeza ciani kwa ang'ono ake awiri amene ali ku sekondale, ndiponso ngati digiriyo aifunira nchito ya kuno kapena ndi khwerero lopitira kunja. Pa loyamba anayankha bwino, mapepala ali m'manja. Pa laciwiri anagwetsa maso, ndipo amalume ake anamuuza mosabisa kuti fizi ya mlongo wake wa Giredi 12 iyambe yalipidwa, zina pambuyo. Pa lacitatu anati iye anabadwira m'nyumba imene madzi amalowa caka ndi caka, ndipo afuna kudziwa cifukwa cake ngalande ya pa mseu wao imathera pa khoma la munthu.

Za ukwati sitinakambe, ngakhale mai ake anayesa kawiri kuiyambitsa nkhaniyo. Anagwirizana kuti adikire caka cimodzi, mlongo wake alembe mayeso, ndipo iye apereke mafomu caka camawa. Pamene tinali kutsazika, mai aja anatiperekeza mpaka pa mseu, natiuza motsitsa mau kuti akali kuona ngati zaka ziwiri ndi zambiri kwa mwana wamkazi.