Kodi Buku la Dayinamo m'Chichewa Lili Kuti?

M'chaka cha 2002, njala yaikulu itasautsa dziko lino kufikira makolo ambiri analephera kulipirira ana awo sukulu, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, dzina lake William Kamkwamba, analowa m'kanyumba ka mabuku ka pasukulu ya pulayimale, nabwereka buku lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake panali chithunzi cha makina ozungulira ndi mphepo. Popeza Chingerezi chinkamuvuta, iye ankawerenga zithunzi koposa mawu, m'bukumo ndi m'mabuku ena a sayansi, kulondola mizere ndi chala, kufikira anazindikira kuti maginito akamazungulira pafupi ndi waya wokulungidwa amabala magetsi. Ndipo ndi dayinamo ya njinga, chikupizo cha thirakitala, mapaipi apulasitiki ndi milongoti ya bulugama, anayatsa nyali m'nyumba ya atate wake.

Anthu amamtama mnyamatayo, ndipo n'koyenera ndithu. Koma mtima wanga umalira ana ena osawerengeka, anzeru ngati iye, amene anafika pakhomo lomwelo, napeza chitseko chotsekedwa ndi chilankhulo chachilendo, nabwerera. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Nanga mwana wa zaka khumi, amene mafunso akumusefukira m'kamwa, adikire kufikira adziwe Chingerezi kuti ayankhidwe?

Wina asanene kuti Chichewa n'chochepa mphamvu. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, amene buku lake la Nthondo linapata mphotho m'chaka cha 1933, analemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, atakhala pamapazi a nkhalamba ndi kumva za Kalonga, za Aphiri ndi Abanda. Ndipo chilankhulo chathu chinasenza katundu yenseyo osawerama. Chimene chinasenza mbiri ya mafumu chingalephere bwanji kufotokoza m'mene madzi a Shire amazunguzira makina pa Nkula, amene akhala akutipatsa magetsi kuyambira 1966? Chingalephere bwanji kusimba za fupa la Ishango, lopezeka ku Congo m'chaka cha 1950, limene munthu wa ku Africa analembapo timizere m'magulumagulu zaka pafupifupi 20,000 zapitazo, kapena kuulula masamu obisika m'bawo, pamene mkulu amawerengera mumtima kumene nkhomo yotsiriza idzagwere dzanja lisanakhudze?

Sabata yatha ndinaima pa ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu ku Limbe, mdzukulu wanga atandigwira dzanja. Pathumba loyala pansi panali mabuku a nyimbo, mapepala a mayeso akale, ndi mabuku a m'kalasi othothoka zikuto. Mwanayo anatola limodzi lokhala ndi chithunzi cha ndege, natsegula, nayang'ana mawu aja nthawi yaitali milomo ikugwedera, kenaka anatukula maso nati, "Agogo, lofotokoza zimenezi m'chilankhulo chathu lilipo?" Wogulitsa uja anafunafuna m'katoni mwake mwaulemu wonse, napukusa mutu.