Kuona maso a nkhono n'kudekha, adokotala a mano

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukaigwedeza imabwerera m'chigoba, ndipo sudzaionanso tsiku limenelo. Mwambiwu ndikuupereka kwa onse ogwira ntchito ya mano kuno ku Karonga, kaya ndi pachipatala chachikulu cha paboma, kaya kwina kulikonse kumene kuli mpando wozulirapo mano.

Munthu wa kuno sathamangira kuchipatala dzino likangobooka. Amayamba wamwa panado, kuchukucha madzi amchere, mwinanso kuika mankhwala azitsamba pabowopo. Mukamuona akukwera kabaza kuchokera ku Lupembe kapena ku Iponga, dziwani kuti wachezera usiku wambiri, tsaya latupa. Amafika ali wotopa, ndipo m'mutu mwake muli nkhani zimene anamva kumudzi: kuti jakisoni sagwira, kuti wina anamuzula dzino labwinobwino. Munthu wotere ukangomuuza kuti "Yasamulani!" osamupatsa n'komwe moni, wamutaya.

Ndikudziwa kuti ogwira ntchitoyi ndi ochepa ndipo mzere ndi wautali. Dziko lino linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano a digiri m'chaka cha 2019, ku College of Medicine, yomwe pano ndi mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Ndondomeko ya boma ya zaumoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Ntchito yambiri m'maboma ili m'manja mwa ma dental therapist, ndipo ndimawalemekeza. Koma mawu abwino sadikira bajeti.

Yambani ndi chiyankhulo. Karonga ndi kwa Ankhonde ndi Atumbuka. Gogo wa ku Kaporo angathe kugwedeza mutu pa Chichewa chanu chonse asanamve kanthu, chifukwa cha ulemu basi. Phunzirani moni wa Chinkhonde ndi Chitumbuka, ndipo pofotokoza za matenda itanani namwino kapena wachibale amene angamasulire. Muuzeni gogoyo zoona: jakisoni alasa pang'ono, kenaka mlomo uchita dzanzi, amva kukankha ndi kugwedeza, koma osati ululu, akamva kupweteka akweze dzanja, inu muima. Ndipo akakwezadi dzanjalo, imani. Mukaphwanya lonjezo limenelo kamodzi, mudzi wonse udzamva.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuti ambiri amadziwa chipinda cha mano ngati malo ozulira basi. Madzi akatayika saoleka: dzino la munthu wamkulu likachoka silimeranso. Ngati lingathe kumatidwa, nenani. Ngati zomatira zatha, nenaninso poyera, mumuuze kumene angazipeze, asankhe yekha. Akabwera mwana, asamangidwe manja ndi miyendo ngati palibe changozi. Muonetseni kagalasi kanu, akagwire, mayi ake akhale pambali pake. Mwana amene wachoka osalira adzabweranso dzino lisanaole.

Pomaliza ntchito, musangopereka mapiritsi. Mulangizeni amene mwamuzula dzino kuti alume thonje, asachukuche m'kamwa tsiku limenelo, asasute fodya, ndipo magazi akapanda kusiya abwerere msanga.

Nafenso odwala tili ndi mbali yathu. Tiyeni tizipita dzino likangoyamba kumva madzi ozizira, ndipo tizifunsa mopanda manyazi kuti, "Adokotala, kodi silingamatidwe?"