Yezani utsi, musawerenge zaka za lole

Pa 1 Januwale 2023 malole ambirimbiri oyendera dizilo m'chigawo cha California ku America adasanduka zitsulo zosaloledwa pamsewu. Sadachite ngozi, sadadyedwe ndi dzimbiri, ndipo ambiri adali akunyamulabe katundu mpaka dzulo lake. Mlandu wawo udali umodzi basi: injini zawo zidapangidwa chisanafike chaka cha 2010. Bungwe loona za mpweya m'chigawocho, la California Air Resources Board, lidakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2008 lonena kuti pofika tsikulo lole iliyonse ya dizilo yololedwa kulemera kupitirira makilogalamu 6,350 ikhale ndi injini ya 2010 kapena yatsopano kuposa apo. Kupatula zochepa zimene lamulo lidazipatula, monga zoyenda mamailosi osapitirira 1,000 pachaka, lole yosakwanitsa izi eni ake sapatsidwanso mapepala oyendetsera pamsewu.

Taonani bwino mawu a lamuloli, abale anga. Likunena za injini, silikunena za lole. Apa mpamene pagona nkhani yonse. Ngati chimene chikudwalitsa anthu ndi utsi, ndipo utsiwo ukuchokera mu injini, munthu amene wachotsa injini yakale n'kuikamo yamakono wachita zimene lamulo likufuna. Maganizo athu ndi akuti njira imeneyi iyenera kukhala yotseguka, yotsika mtengo ndi yoyang'aniridwa mosakondera. Boma limene limaitseka, kaya poyera kaya mwakachetechete pochulutsa mapepala ndi ndalama zolipira, likulanga mmphawi pa mlandu woti sadagule chatsopano.

Tisanapitirire tinene chilungamo: lamulo la utsi silidabwere chifukwa cha nkhanza. Mzinda wa Los Angeles udazunguliridwa ndi mapiri, ndipo utsi ukalowamo sutuluka msanga. M'chaka cha 1943 anthu a mumzindawo adaona chifunga choyabwa m'maso mpaka ena kuganiza kuti adani awaponyera mpweya wa poizoni, poti inali nthawi ya nkhondo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 katswiri wina, Arie Haagen-Smit, adaonetsa kuti chifungacho chimabadwa utsi wa galimoto ndi wa mafakitale ukawombedwa ndi dzuwa. Bungwe tatchulali lidakhazikitsidwa mu 1967, ndipo amene adasaina lamulo lake adali Ronald Reagan, munthu amene sadali wokonda kuti boma lizilowerera pa malonda. Mu 1998 bungweli lidalengeza kuti mwaye wa dizilo ndi poizoni, ndipo mu 2012 nthambi yoona za khansa ya World Health Organization idatsimikiza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo.

Nanga amapuma utsiwo ndani? Si eni makampani ayi. Ndi mabanja osauka okhala pafupi ndi madoko a Los Angeles ndi Long Beach ndiponso m'mphepete mwa misewu imene malole a makontena amadutsa usana ndi usiku. Ana awo ndiwo amakula ndi mphumu. Tsono aliyense wonena kuti lamulo la utsi lichotsedwe kuti mwini lole apume, akuiwala kuti mwana wa mnzake nayenso akufuna kupuma.

Kusiyana kwa injini yakale ndi yamakono si nkhani ya penti. Kuyambira 2007 injini za malole ku America zidayamba kubwera ndi sefa yogwira mwaye mu ekizosi, ndipo mlingo wa mwaye wololedwa udatsitsidwa kakhumi. Pofika 2010 zambiri zidawonjezera thanki ya madzi a yureya, amene ku Ulaya amawatcha AdBlue. Madziwa amawazidwa mu ekizosi n'kusandutsa mpweya wowononga mapapo kukhala wosavulaza. Zonsezi zimalamulidwa ndi kompyuta, ndipo zimafuna dizilo wokhala ndi sulufule wochepa kwambiri, amene America idayamba kugulitsa mu 2006.

N'chifukwa chake kusintha injini masiku ano si ntchito ya tcheni, mtengo wa mango ndi anyamata anayi amphamvu. Makaniko ayenera kusamutsa injini pamodzi ndi kompyuta yake, mawaya ake, sefa, thanki ya yureya ndi tizipangizo tonse toyeza kutentha ndi utsi. Ayenera kupeza malo a zonsezi pa chasisi imene idapangidwa zinthuzi kulibe, aonetsetse kuti rediyeta ikukwanitsa kuziziritsa, ndiponso kuti giyabokosi ikumvana ndi injini yachilendoyo. Akaphonya chimodzi, kompyuta imachepetsa mphamvu ya injini ndipo lole imayenda ngati nkhono.

Pa galimoto zing'onozing'ono monga mapikapu, California ili ndi malamulo omveka bwino. Injini yoikidwayo ikhale ya chaka chimodzimodzi ndi galimotoyo kapena yatsopano kuposa apo. Ichokere m'galimoto ya gulu lomwelo, kutanthauza kuti injini ya lole yaikulu siyingalowe mu pikapu. Ibwere ndi zipangizo zake zonse zochepetsa utsi. Pomaliza mwini wake apite nayo kwa woyeza wovomerezeka ndi boma, amene akakhutira amamata chizindikiro pagalimotopo. Kampani ya General Motors idafika pogulitsa injini zatsopano zotchedwa E-Rod, zimene bungwe la mpweya lidavomereza kuti ziziikidwa m'galimoto za 1995 ndi zakale kuposa apo. Umenewu ndi umboni woti chitsulo chakale chingathe kupuma mpweya wabwino.

Vuto lili pa malole akuluakulu. Papepala mwini lole ali ndi ufulu woika injini ya 2010, koma nthawi zambiri mtengo wa ntchitoyo umaposa mtengo wa lole yomweyo. Kampani ya malole mazana ambiri sidandaula, poti imasintha malole ake pakapita zaka zochepa ndi kale lomwe. Amene amalira ndi mlimi, wokumba zitsime, wa lole ya thanki ya madzi kapena ya makina onyamulira katundu wolemera, amene chuma chake chili pa zimene adamanga pamwamba pa chasisi. Kwa iye kutaya lole chifukwa cha injini kuli ngati kugwetsa nyumba chifukwa choti mafuwa asweka.

Zimene zimachitika munthu wamng'ono akasiyidwa yekha zidaoneka pa madoko aja. Mu 2008 madoko a Los Angeles ndi Long Beach adayamba kuletsa malole akale kulowa m'mipanda yawo. Mpweya udasinthadi. Koma mu 2017 nyuzipepala ya USA Today idaulula kuti makampani ambiri adakankhira ngongole ya malole atsopanowo kwa madalaivala. Dalaivala ankadulidwa ndalama sabata ndi sabata pomulonjeza kuti tsiku lina lole idzakhala yake, ndipo akadwala kapena akachotsedwa ntchito ankataya lole pamodzi ndi zonse zimene adalipira. Wina adalandira masenti 67 atagwira ntchito sabata yathunthu. Kodi mpweya wabwino ugulidwe ndi thangata?

Tsopano imvani mbali inayo. Pamene anthu wamba ankavutika kuika injini yatsopano m'lole yakale, ena ankalemera pochita zotsutsana nazo: kuika injini yakale m'lole yatsopano. Malole otere ku America amawatcha glider. Poyamba inali njira yopulumutsira injini ya lole imene yachita ngozi, koma malamulo a utsi atakhwima idasanduka mpata wozembera, ndipo pofika 2015 ankapangidwa pafupifupi 10,000 pachaka. Mu 2016 bungwe la boma la America loona za chilengedwe, EPA, lidalamula kuti kampani iliyonse yaing'ono isapitirire 300 pachaka.

Boma litasintha, mkulu watsopano wa EPA, Scott Pruitt, adayamba mu 2017 kufuna kufafaniza malirewo. Kampani yaikulu pa malondawa, Fitzgerald Glider Kits ya ku Tennessee, idabweretsa kafukufuku wa yunivesite ya Tennessee Tech wonena kuti injini zake zakale sizitulutsa utsi woposa zatsopano. Amene adalipira kafukufukuyo ndi kampani yomweyo. Nyuzipepala ya New York Times idalembanso kuti kampaniyo ndi anthu ake adapereka madola 225,000 pa kampeni ya phungu Diane Black, amene ankawalankhulira ku boma. Koma akatswiri a EPA yomweyo atayeza adapeza kuti pa liwiro la pamsewu waukulu malolewa amatulutsa mwaye wochuluka mpaka maulendo 55 kuposa atsopano. Mu Febuluwale 2018 mkulu wa yunivesiteyo adalembera EPA kuti isagwiritse ntchito kafukufukuyo. Ngakhale zidali choncho, pa tsiku lomaliza la Pruitt pa udindo, mu Julayi 2018, ofesi yake idalengeza kuti siikakamiza malire aja. Khoti lidaimitsa chilengezocho ndipo wolowa m'malo mwake, Andrew Wheeler, adachibweza mwezi womwewo.

Ikani nkhani ziwirizi pamodzi. Wofuna kuchepetsa utsi akukumana ndi mtengo wosafikirika, pamene wofuna kuuchulukitsa adapeza khomo lotseguka ku likulu. Lamulo lotere limaoneka lolimba kwa amene alibe womudziwa, koma kwa wodziwana ndi akuluakulu limafewa ngati phala.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo ndipo tisazinyoze. Akuti lole yakale ili ndi mabuleki akale, ndipo injini yatsopano siisintha zimenezo. N'zoona, koma mabuleki ali ndi lamulo lawo ndi oyeza awo. Akutinso injini yoikidwa m'galaja ya kuseri siyingafanane ndi yoikidwa ku fakitale, ndipo ena akangopatsidwa chizindikiro amakachotsa sefa. Izinso n'zoona. Koma kodi a ku fakitale ndiwo angelo? Mu Disembala 2023 kampani yopanga injini ya Cummins idavomera kulipira chindapusa cha madola 1.675 biliyoni pa mlandu woika zipangizo zonamiza oyeza utsi m'mapikapu a Ram pafupifupi 630,000. Chinyengo sichisankha chaka cha galimoto. Mankhwala ake ndi kuyeza utsi weniweni kawirikawiri, pa lole yakale ndi yatsopano yomwe, monga California idayamba kuchitira ndi malole akuluakulu mu 2023.

Choncho zofunika n'zitatu. Choyamba, muyezo ukhale utsi wotuluka mu ekizosi, ndipo aliyense woukwanitsa, kaya ndi injini yatsopano ya dizilo, ya gasi kapena ya magetsi, apatsidwe mapepala mosamuzunguza. Chachiwiri, walira mvula walira matope: ngati anthu onse akufuna mpweya wabwino, onse asonkhe. California ili ndi thumba la Carl Moyer kuyambira 1998, limene limathandiza pa kusintha injini ndi makina akale. Thumba lotere liziyamba kufika kwa wa lole imodzi, asanadye wa malole mazana asanu amene ali ndi kalaliki wolemba mafomu. Chachitatu, pasakhale khomo la kuseri la wina aliyense. Mu Juni 2025 Pulezidenti Donald Trump adasaina zikalata zolanda California mphamvu pa ena mwa malamulo ake okhudza malole atsopano, ndipo chigawocho chidapita kukhoti. Andale akamakokana chonchi, woyendetsa lole sadziwa agule chiyani, ndipo mwana wa pafupi ndi doko sadziwa apuma chiyani.

Wina afunsa kuti ife zikutikhudza bwanji. Lole ikakanidwa m'mizinda ya olemera siifa ayi, imagulitsidwa kumene kulibe woyeza. London idakhwimitsa malamulo ake a utsi wa malole mu 2021, ndipo malole ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Britain ndi amene timawaona akufuka pa zitunda za msewu wa M1. Amakaniko athu ndi akatswiri pa kusintha injini, koma palibe amene amawafunsa za utsi, ndipo sefa ikatsekeka njira yachidule ndi kuichotsa. Tsiku lina Lilongwe ndi Blantyre adzatopa ndi kutsokomola ndipo lamulo lidzalembedwa. Olilembawo adzakumbukire madalaivala a ku Long Beach ndi ma glider a ku Tennessee. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.