Bwalo la m'tauni lizitiyankhula m'chilankhulo chathu

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, lero tikambe za malo amene tonse timakumanapo m'tauni yathu ya Milange: msika, pokwerera galimoto, bwalo la pakati pa tauni, ndi msewu wopita kumalire a Muloza.

Makolo athu ankadziwa kukonza malo otere. Bwalo la m'mudzi linkakhala pansi pa mtengo waukulu ngati kachere. Panali mthunzi, panali pokhala, ndipo mlandu unkakambidwa m'chilankhulo chimene aliyense akumva. Ine ndikuona kuti zinthu zitatu zimenezi ndiye muyeso wa malo abwino m'tauni ngakhale lero.

Tiyambe ndi mthunzi. Mayi wochokera kutali atasenza dengu la nyemba, kapena bambo wopalasa njinga yodzaza matumba a chimanga, safuna maluwa ochititsa kaso. Amafuna mtengo, benchi, madzi akumwa ndi chimbudzi chaukhondo. Komanso ife okhala m'munsi mwa phiri la Tumbine sitingaiwale kugumuka kwa phirili mu 1998, kapena namondwe Freddy mu 2023. Kwathu kuno mitengo ndi ngalande zabwino zimateteza moyo.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ngati mphunzitsi ndi zikwangwani. M'kalasi timaphunzitsa mwana kuwerenga Chichewa, iye n'kumanyadira. Akatuluka, zikwangwani zambiri zimene akuona ndi za Chipwitikizi chokha. Mwanayo amaphunzirapo phunziro lina limene sitinamuphunzitse: kuti chilankhulo cha amayi ake chimathera pachipata cha sukulu. Nawo agogo amene sadziwa Chipwitikizi amasanduka alendo m'tauni mwawo momwe, kumangofunsa njira kwa ana.

Ena adzati Chipwitikizi ndiye chilankhulo cha boma. N'zoona, ndime 10 ya malamulo aakulu a dziko lathu imatero, ndipo palibe akuti tichifufute. Koma ndime 9 ya malamulo omwewo imati boma limalemekeza zilankhulo za m'dziko muno monga chuma cha chikhalidwe ndi maphunziro. Tsono chikwangwani chilembedwe "Mercado", pansi pake "Msika", n'kuwonjezapo Chilomwe pakuti olankhula Chilomwe ndi ambiri kuno. Mtengo wake ndi kachitini ka penti. Abale athu ochokera ku Mulanje odzagula malonda nawonso adzawerenga mosavuta.

Tisadikire akuluakulu okha. Sukulu iliyonse ingathe kubzala mitengo m'mbali mwa msewu wake nyengo ya mvula ikubwerayi, kalasi iliyonse n'kumasamalira yake. Ana a sitandade 5 ndi 6 angathe kusankha mawu oyenera pa zikwangwani, ife n'kukonza kalembedwe. Makolo, nkhaniyi mukaitule kumisonkhano ya m'dera lanu, ifike kukhonsolo ya tauni.

Nanga kwanuko, ndi malo ati amene mungayambe kuikapo chikwangwani cha Chichewa, ndipo mungalembepo mawu otani?