MAOLA A PA LOLE NDI MAOLA A NCHITO

M'maboma a Petauke ndi Nyimba muli dandaulo limene liyenera kumveka pa misonkhano ya nthambi zonse za Cipani. Anyamata onyamula matumba a cimanga ndi thonje, okumba zitsime ndi okonza misewu asonkhana pa yadi ya wowalemba nchito m'bandakuca. Akatsiriza pa malo amodzi akwezedwa pa lole kupita kwina. Kucokera pa Nyimba kufika pa Petauke pali makilomita oposa 60, ndipo midzi ya Mfumu Luembe ndi Mfumu Mwape ili kutali ndi msewu wa tala, kumene lole iyenda ngati fulu. Koma pa tsiku la malipiro olemba nchito ena awerenga maola okhawo amene thumba linali paphewa. Maola a panjira awataya ngati madeya.

Mcitidwe umenewu ndi wotsala wa atsamunda. Makolo a Ansenga anali kuyenda masabata pansi, kudzera ku Feira ndi kuoloka Zambezi, kukafuna ndalama ya msonkho ku mapulazi ndi migodi ya Southern Rhodesia. Tikiti inali kuyamba kulembedwa tsiku limene munthu wagwira khasu la mzungu; matuza a kumapazi analibe mtengo. Pamene Dr Kenneth Kaunda analengeza ciphunzitso ca Umunthu mu 1967, anatsutsa kudyerana masuku pamutu kwa mtundu uliwonse. Boma la cipani cimodzi linatha mu 1991, koma coonadi cakuti munthu aposa katundu sicinathe nalo.

Olemba nchito ayankha kuti pa lole munthu angokhala, palibe thukuta, ndipo mafuta ndi odula. Yankho limeneli ndi lopunduka. Kodi mnyamata wokhala pamwamba pa matumba, padzuwa ndi pafumbi, angathe kutsika kukapalira munda wake? Kodi angapite kukagulitsa nthoci pa msika wa Nyimba? Iyai. Njira anasankha ndi bwana, ola lonyamukira anachula ndi bwana, ndipo phindu la ulendowo lilowa m'thumba la bwana. Amene walamula nthawi ya mnzake waigula, ndipo cogula cilipiridwa. Dalaivala wa lole yomweyo alandira malipiro a ulendo wonse. Nanga okhala kumbuyo kwake asiyana naye bwanji?

Maganizo amenewa si acilendo. Mu 1930 bungwe la ILO, pa pangano lake lokhudza anchito a m'masitolo ndi m'maofesi, linamasulira maola a nchito kukhala nthawi yonse imene munthu ali m'manja mwa womulemba. Mu 2015 khoti la European Union, poweruza mlandu wa kampani ya Tyco wocokera ku Spain, linagamula kuti kwa anchito opanda malo amodzi ogwirirapo, ngakhale ulendo wocoka kunyumba kupita kwa kasitomala woyamba uwerengedwe m'maola a nchito. Anyamata a ku Petauke ndi Nyimba sapempha zofika pamenepo. Ulendo wocoka kumudzi kufika pa yadi ndi wao. Cimene afuna n'cakuti kuwerenga kuyambe pa yadi ndi kuthera pa yadi.

Muno m'Zambia lamulo la Employment Code Act la 2019 liika maola 48 pa sabata, ndipo oonjezerapo alipiridwa kamodzi ndi theka. Apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu amene akhala maola atatu pa lole tsiku lililonse, kwa masiku asanu ndi limodzi, ataya maola 18 pa sabata, kuposa masiku awiri athunthu a nchito.

N'zoona kuti alipo anchito ena ocedwa dala panjira ndi oima pa mowa. Otere abera anzao ndipo Cipani sicingawaikire kumbuyo. Mankhwala ake ndi buku: kapitao alembe ola lonyamuka ndi ola lofika, wanchito asaine.

Acheyamani a nthambi, amai ndi acinyamata a Cipani ali ndi udindo. Aphunzitse anthu kufunsa za maola a panjira asanakwere lole, ndi kuti pangano lilembedwe. Pakabuka mkangano, odandaula aperekezedwe kwa mkulu woona za anchito kapena ku bungwe lao la anchito, pakuti cala cimodzi siciswa nsabwe. Citukuko ca cigawo ca Kum'mawa sicingamangidwe pa maola obedwa.