Kalata kwa Mkulu wa Nkhani ku MBC: Mathiliyoni Azimveka

Wolemekezeka Bwana,

Wowerenga nyuzipepala akasokonezeka amabwerera n'kuwerenga maziro ndi chala. Womvera wailesi alibe mwayi umenewo, nambala ikadutsa yadutsa. N'chifukwa chake ndikupempha kuti nambala yaikulu iliyonse imene owulutsa nkhani anu atchula izitsatidwa ndi chiganizo chimodzi chosonyeza kukula kwake.

Tengani bajeti ya 2024/25 imene nduna ya zachuma ya nthawiyo, a Simplex Chithyola Banda, anapereka ku Nyumba ya Malamulo: K5.98 thiliyoni. M'khutu miliyoni, biliyoni ndi thiliyoni zimamveka mofanana, chonsecho zimatalikirana koopsa. Masekondi 1 miliyoni sakwana masiku 12, masekondi 1 biliyoni ndi zaka pafupifupi 32, pamene 1 thiliyoni ndi zaka zoposa 31,000. Koma bajeti ija mukaigawa kwa Amalawi pafupifupi 20 miliyoni, aliyense ikumugwera pafupifupi K300,000 pachaka, ndipo m'menemo ndiye muchoke mankhwala, malipiro a aphunzitsi, misewu ndi chiwongoladzanja cha ngongole. Mlimi wa ku Ntchisi akamva chomwecho angathe kudziweruzira yekha ngati ndalamazo n'zambiri kapena zochepa.

Alipo amene anganene kuti kudula manambala akumapeto n'kupotoza nkhani. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749, inde, koma wowulutsa akamafika pa 749 womvera amakhala ataiwala kale 17 uja. "Anthu oposa 17 miliyoni ndi theka" si bodza, ndipo wofuna nambala yonse aipeza m'malipoti a National Statistical Office ku Zomba.

Dandaulo limene ndikuliona lolemera ndi lakuti wosankha choyerekezera amathanso kukondera: ndalama yomweyo angaikuze kapena kuichepsa malinga ndi amene akufuna kumusangalatsa. Izi n'zoona, makamaka pa wailesi yoyendera misonkho ya anthu. Komabe kutchula nambala yokhayokha nakonso kumakondera. Kulengeza kuti bajeti yakwera osanena kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 n'kupatsa boma chitamando chimene mitengo ya pamsika ikuchikana. Choncho muyeso ukhazikitsidwe nkhani isanabwere: ndalama za boma zigawidwe pa munthu mmodzi, ndipo ziyerekezedwe ndi za chaka chatha poganizira kukwera kwa mitengo. Muyesowo ulembedwe m'malamulo a akonzi anu, uzigwira ntchito chimodzimodzi pa manambala a nduna ndi a otsutsa boma, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'zinenero zonse zimene mumawulutsira.

Ine wanu,
Womvera wailesi